Handibuleki ya Corolla 110 ikukwera mpaka kumwamba koma sikugwira

Gift wa ku Chelstone:
Mwauka bwanji nonse pa gulu. Ndili ndi Corolla 110 ya 1997, ya manual. Handibuleki ndikaikoka imakwera mpaka kutsala pang'ono kuima chilili, mano amalira 12 kapena kuposa, koma pamalo otsetsereka galimoto imasunthabe pang'onopang'ono. Pageti pathu pali kamtsetse kolowera m'ngalande, ndiye ndikamatsika kukatsegula geti ndimachita kuzimitsa injini, kuisiya mu giya, n'kuika mwala kutayala. Fitness, pepala losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha mwezi uno, komanso kumapeto kwa mwezi ndiyenera kupita ndi banja ku Katete. Mnyamata wina potsukira magalimoto akuti angomanga nati ya pansi pa handibuleki, nkhani yatha. Ndimulole?

Mabvuto Taxi:
Muloleni achimwene, kapena chitani nokha. Chotsani kapulasitiki kapakati pa mipando, mupeza manati awiri a sipanala 10. Masulani yapamwamba, mangani yapansi mpaka handibuleki izigwira pa mano 5, kenako bwezerani yapamwamba ija. Ine pa taxi yanga ndimatero nthawi zonse. Ntchito yake sitenga ndi theka la ola lomwe.

A Mbewe (makaniko, Garden):
A Gift, musakhudze kaye natiyo. Mundiyankhe zinthu izi. Mukaponda buleki ya kuphazi, pedulo imatsika kwambiri? Mukaponda kachiwiri mwachangu, imakwerako? Nanga pokoka handibulekiyo, imabwera mopepuka mpaka kumapeto kapena imalimba kuyambira pachiyambi? Ndipo mafuta a mabuleki m'kabotolo kaja akumatsika?

Gift wa ku Chelstone:
Zikomo a Mbewe. Pedulo ikumatsikadi, ndipo ndikaponda kachiwiri imakwera n'kulimba bwinobwino. Ndinkaona ngati limenelo ndi vuto lina lapadera. Handibuleki imabwera mopepuka, imayamba kulemera pa mano awiri omalizira okha. Mafuta ali pa mzere, sindinathirepo chigulireni galimotoyi.

A Mbewe (makaniko, Garden):
Ndiye si mavuto awiri, ndi limodzi, ndipo lili kumbuyo m'madilamu a mabuleki, osati pakati pa mipando.

Corolla 110 yanuyo kumbuyo ili ndi madilamu. M'kati mwa dilamu iliyonse muli ma shoe awiri, zitsulo zokhota zimene zimakanikiza dilamu kuti tayala liime, ndipo ma shoe omwewo ndi amene amagwira ntchito mukaponda kuphazi komanso mukakoka handibuleki. Akamadyeka, mpata wa pakati pa shoe ndi dilamu umakula. Mpata umenewu umafunika ukhale waung'ono zedi, buku la Toyota limati 0.6 mm. Ukakula, pedulo iyenera kuyenda ulendo wautali kuti ma shoe afike pa dilamu, n'chifukwa chake kuponda koyamba kumatsika, kwachiwiri n'kulimba poti ma shoe amakhala asanabwerere konse. Handibuleki nayo chimodzimodzi: mano onse mukuwerengawo akuthera potseka mpata, ndipo ma shoe akamafika pa dilamu chokokeracho chafika kale kumapeto.

Pali kachitsulo kotchedwa adjuster, kali ndi kagudumu ka mano ngati nyenyezi, kamene kamayenera kutseka mpatawu pakokha. Pa Corolla kamazungulira dzino limodzi limodzi mukamakoka handibuleki. Koma ndi fumbi lathu lino ndi madzi a dzinja, ulusi wake umagwira dzimbiri n'kuuma gwa. Magalimoto a zaka zoposa 25 amene amabwera kwa ine ndi dandaulo lanuli, ambiri ndikatsegula ndimapeza adjuster yosazungulira. Kebulo ya handibuleki imatalika pang'ono ndithu ikakalamba, koma osati mpaka kuchoka pa mano 6 kufika pa 12.

Kumanga nati yokha kuli ngati kufupikitsa chingwe pachitsime pomwe chabooka ndi chidebe. Dongosolo lake n'lakuti muyambe mwakonza ma shoe m'dilamu, kebulo ibwere pomaliza.

Mabvuto Taxi:
A Mbewe ndimakulemekezani, koma mukufuna kumudyera ndalama mnzathuyu pa chinthu chaching'ono. Ine ndakhala ndikumanga natiyo zaka zambiri ndipo fitness ndimakhoza. Handibuleki ikagwira yagwira basi, kaya wamanga kutsogolo kaya kumbuyo.

A Mbewe (makaniko, Garden):
Sindinanene kuti abwere kwa ine, a Mabvuto, atha kuchita okha pakhomo. Ndipo n'zoona, mukamanga natiyo handibuleki imagwira tsiku limenelo. Koma taonani zimene zimachitika m'kati. Pa shoe yakumbuyo pali kamkono kamene kebulo imakoka. Handibuleki ikakhala pansi, kamkono kameneka kayenera kubwerera mpaka kukatsamira pamalo pake. Mukamanga kebulo mopyoza, kamkonoko kamakhala kokokedwa nthawi zonse, ngakhale mukuyenda. Zikatero adjuster singagwirenso ntchito ngakhale itakhala yabwino, chifukwa imadalira kupita ndi kubwerera kwa kamkonoko. Ma shoe amayamba kukhula dilamu mbali imodzi, dilamu imatentha, girisi ya bearing imasungunuka, petulo naye amapita. Ndipo pedulo yawo ija ikhalabe yosakhazikika.

Mawa mukabwera ku ulendo wautali, yandikizani dzanja pa rimu yakumbuyo. Musaigwire, ingoyandikizani. Mudzatiuze.

Mayi Nachisale:
Ine ndikuikira umboni zimene akunena a Mbewe. Spacio yanga anaimanga choncho pa galaja ina kuno ku Chawama, ndinasangalala kuti handibuleki ikugwira pa mano atatu. Tsiku lopita kumaliro ku Chongwe, tisanafike n'komwe, m'galimoto munayamba kununkha ngati chinthu chikupserera. Titaima, tayala lakumbuyo kumanzere linali kufuka utsi, ndipo mwana atathirapo timadzi ta m'botolo tinachita kulira kuti tswee. Tinakhala pamenepo mpaka litazizira, n'kupempha sipanala kwa dalaivala wa lole kuti tikhwefule natiyo. Pambuyo pake ndinagula ma shoe ndi bearing yomwe. A Gift, ulendo wa ku Katete ndi wa makilomita pafupifupi 500, muli ndi ana m'galimoto, musayese zachidule.

A Mbewe (makaniko, Garden):
Pepani mayi. Tsiku lina musathire madzi pa dilamu yotentha, imatha kupindika kapena kung'aluka. Izizire yokha.

Gift wa ku Chelstone:
Mwandiopsa mokwanira. A Mbewe, sipanala ndili nazo, jeki ndili nayo, Loweruka sindigwira ntchito. Ndifotokozereni bwinobwino, ndiyambire pati?

A Mbewe (makaniko, Garden):
Yambani ndi malo. Pakhale pathyathyathya ndi polimba, osati pa kamtsetse ka pageti kaja. Ikani giya 1, tsekerani matayala onse awiri akutsogolo ndi matabwa kapena miyala yaikulu, kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Kumbukirani kuti handibuleki ikhala pansi ntchito yonseyi, ndiye chogwira galimoto ndi giya ndi miyalayo basi. Khwefulani manati a matayala galimoto ili pansi, kwezani, ikani ma stand. Jeki ya m'buti ndi yosinthira tayala, si yoti munthu aikepo mutu pansi pa galimoto.

Musanatsegule chilichonse, kokani handibuleki mpaka kumapeto n'kuyesa kuzungulitsa tayala lililonse ndi manja. Ngati lina lagwira lina likuzungulira, mwadziwiratu mbali yodwala. Tsitsani handibuleki, chotsani matayala.

Kenako pitani m'kati, pa manati awiri amene anena a Mabvuto aja, koma inu muwakhwefule kuti kebulo ikhale lende. Anthu ambiri amadumpha pamenepa. Ngati wina anamangapo kale kebulo, simungathe kuika ma shoe pamalo oyenera musanaimasule.

Dilamu ya Corolla imangovala pa hub, tayala likachoka palibe china choigwira kupatula dzimbiri. Igogodeni ndi hamala pankhope, pakati pa ma stud, osati m'mphepete. Ikakana, pankhope pakepo pali timabowo tiwiri ta ulusi. Lowetsanimo mabawuti a M8, aja a mutu wa sipanala 12 kapena 13, muziwamanga mosinthanasinthana pang'onopang'ono, dilamu idzatuluka yokha. Koma mukaona kuti yatuluka pang'ono n'kumabwerera ngati ikukokedwa ndi sipuling'i, lekani. Ndiye kuti m'mphepete mwa dilamu mwapangika mlomo ndipo wakola ma shoe. Mukakakamiza muthyola timapini togwira ma shoe. Pitani kuseri kwa mbale yachitsulo imene ma shoe amakhalapo, chotsani kalabala kotseka kabowo, ndi sikuludiraiva yaing'ono kankhani kachitsulo kogwira nyenyezi ija, ndi ina muzungulitse nyenyeziyo kuti ma shoe abwerere m'kati.

Dilamu ikachoka, jambulani chithunzi pa foni musanakhudze sipuling'i ngakhale imodzi. Gwirani mbali imodzi mpaka kumaliza, inayo ikhale yoonera. Ndipo auzeni ana asalowe m'galimoto: wina akaponda buleki dilamu ili kunja, mapisitoni a silinda yokankha ma shoe amatumphuka, mafuta onse pansi.

Lungu wa Minibasi:
Ndiwonjezere pa nkhani ya ma stand. Kuno ku Lusaka tazolowera kusanja mabuloko a simenti pansi pa galimoto. Chonde a Gift musatero. Buloko simachenjeza, imangophwanyika kamodzi. Ngati mulibe ma stand bwerekani, ndipo tayala mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto cha pakhomo lakumbuyo, kuti zikavuta galimoto igwere pa rimu.

Dokotala Sakala:
Inenso kamodzi kokha. Fumbi lakuda la m'dilamu musaliuzire ndi pakamwa kapena kompresa. Ma shoe akale komanso ena otchipa amakhala ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, matenda ake amadzaonekera patapita zaka zambiri. Nyowetsani ndi brake cleaner kapena madzi a sopo, ikani beseni pansi, pukutani ndi chiguduli n'kuchitaya. Ndimadutsa m'magalaja a m'mbali mwa msewu n'kuona anyamata ataima mu mtambo wa fumbi limeneli, mtima umandiwawa.

Gift wa ku Chelstone:
Ndamva a dokotala. A Mbewe, ndikatsegula ndiyang'ane chiyani?

A Mbewe (makaniko, Garden):
Choyamba kunenepa kwa lining, chija chomatidwa pa shoe. Chatsopano chimakhala 4 mm, malire ake ndi 1 mm, koma ine chikafika pa 2 mm ndimasintha, makamaka munthu akakhala ndi ulendo. Muyeze pamalo popyapyala kwambiri, chifukwa ma shoe sadyeka mofanana. Muonenso ngati lining yayamba kumatuka m'mphepete kapena ikunyezimira ngati galasi. Mukasintha, sinthani onse anayi, mbali zonse.

Kenako pindani timalabala ta kumapeto kwa silinda. M'kati mukakhala monyowa, silinda ikudontha, isinthidwe. Mwati mafuta sakutsika ndiye mwina muli bwino, komabe onani.

Dilamu muiyang'ane m'kati. Yatsopano ndi 200 mm, malire ndi 201 mm, ndipo nambalayi inalembedwa pa dilamu pomwepo, ingopalani dzimbiri muiona. Kusiyana kwake ndi milimita imodzi yokha, choncho musamangovomera aliyense wokuuzani kuti tiyeni tikaipale pa makina. Dilamu yopitirira malire ngakhale muike ma shoe atsopano sagona bwino, amangokhudza pakatikati. Mlomo wa m'mphepete uja mutha kuuchotsa ndi fayilo.

Tsopano adjuster. Ichotseni, imasuleni zidutswa zake, tsukani ulusi ndi bulashi ya waya mpaka nyenyezi izizungulira ndi zala ziwiri, pakani girisi yosamva kutentha pang'ono chabe. Musasinthanitse ya kumanzere ndi ya kumanja, ulusi wake umazungulira mosiyana, ndipo mukasinthanitsa idzayamba kumasula m'malo momanga. Pakaninso girisi pang'ono pa timalo tokwera ta pa mbale pamene ma shoe amatsetsereka. Pa lining ndi m'kati mwa dilamu pasafike ngakhale chala chamafuta.

Mukabwezera zonse, zungulitsani nyenyezi kuti ma shoe atambasuke mpaka dilamu izilowa mothina pang'ono. Valikani dilamu, pondani buleki kangapo kuti ma shoe akhale pakati, zungulitsani dilamu. Izizungulira momasuka, kukamveka kakukhula kapansipansi palibe vuto, koma isamalimbe. Mbali zonse zikatero, kokani ndi kutsitsa handibuleki mobwerezabwereza, mudzamva adjuster ikulira kumbuyo, mpaka italeka. Apo ndiye mupite pa nati ija. Buku limati mano 4 mpaka 7 mukakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 20, ndiko kukoka kwa munthu wamkulu ndi dzanja limodzi mosadzipweteka. Ine ndimaika pa 5 kapena 6. Mukatsitsa, matayala onse awiri azizungulira momasuka, ndipo nyali yofiira ya pa dashboard iziyaka pa dzino loyamba.

Tembo Hilux:
Pepani kulowerera. Yanga ndi Hilux yakale ya dizilo, ija handibuleki yake umakoka pansi pa dashboard. Ndinasintha ma shoe chaka chatha koma kumanja sikugwira, ndipo kuseri kwa tayala kuli chinyezi chakuda chonunkha moipa. Makaniko wanga akuti titsuke ma shoe ndi petulo n'kuwayanika padzuwa.

A Mbewe (makaniko, Garden):
A Tembo, fungo loipalo ndi oyilo ya diff. Pa Hilux ndi Hiace, seal ya pa shaft ikatha, oyilo imayenda m'chubu cha ekiselo n'kulowa m'dilamu. Lining imamwa oyilo mpaka m'kati. Mukatsuka ndi petulo pamwamba pamaoneka pouma, koma dilamu ikangotentha oyilo imatulukanso. Ena amawawotcha pamoto, zimenezo zimangofooketsa guluu wogwira lining. Sinthani seal, onani bearing ngati ikugwedera chifukwa ndiyo imadya seal, gulani ma shoe ena. Ndipo pamwamba pa ekiselo pali kabreather kakang'ono kokhala ndi kachipewa. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umasowa potulukira n'kukankha oyilo kudzera pa seal. Kazungulitseni kachipewako, kazigwedera. Mukapanda kutero seal yatsopanonso idontha.

Tembo Hilux:
Za breather sindinazimvepo. Ndikayang'ana madzulo ano.

Chisomo_MarkII:
Malume a Mbewe, nanga ife a Mark II? Kumbuyo ndi ma disc, ndinaika ma pad atsopano koma handibuleki sinasinthe ngakhale pang'ono.

A Mbewe (makaniko, Garden):
Singasinthe mwanawe, chifukwa pa Mark II handibuleki sigwiritsa ma pad. Pakati pa disc yakumbuyo pali kadilamu kakang'ono, m'kati mwake muli tima shoe take tapadera ta handibuleki yokha. Tilibe adjuster yodzimanga yokha, umachita kumanga ndi manja. Chotsa tayala, bwezera manati awiri kuti disc ikhazikike, chotsa kalabala ka pankhope pa disc, zungulitsa mpaka kabowoko kayang'anizane ndi nyenyezi. Manga mpaka disc ikane kuzungulira, kenako bweza mano 8. Mbali zonse. Kebulo pomaliza, monga ndanenera kwa a Gift. Tima shoe timeneti sitidyeka msanga poti timagwira galimoto itaima kale, koma timamatuka ndi ukalamba, ndiye ukapeza mpata uchotse disc uone.

Amai a Thoko:
Ine yanga ndi automatic, ndimangoika pa P. Handibuleki sindinaikokepo chaka chino. Pali vuto?

Lungu wa Minibasi:
Lilipo amai. P ndi kachitsulo kamodzi kakang'ono m'gearbox kamene kamakola pa giya ya mano. Mukaimika pamtsetse popanda handibuleki, kulemera konse kwa galimoto kumatsamira pa kachitsuloko. Munamvapo kugunda kuti khu pochotsa pa P? Ndi kameneko. Zolowerani chonchi: phazi pa buleki, kokani handibuleki, ikani N, chotsani phazi pang'onopang'ono galimoto ikhale pa handibuleki, kenako pondaninso muike P.

A Mbewe (makaniko, Garden):
Ndipo kebulo yosakokedwa imauma m'chikhokho chake. Mzinda wathu uno ndi wathyathyathya kwambiri, n'chifukwa chake a automatic ambiri amaiwala kuti handibuleki ilipo. Tsiku limene mudzaifune, mwina ku Siavonga kapena ku Chirundu kumene kuli zitunda zenizeni, mudzakoka n'kukana kubwerera. Ngati kumbuyo kwanu kuli madilamu a mtundu wa Corolla, dziwaninso kuti popanda kukoka handibuleki adjuster siyenda, ndiye buleki ya kuphazi nayo imanka itsika. Amai, yambani mwaiyesa pakhomo, osati paulendo.

Gift wa ku Chelstone:
Mwachoma bwanji abale. Ndatsegula m'mawa, mlamu wanga anabwera ndi ma stand. Ndisanachotse kanthu ndinayesa monga munanenera: tayala lakumanja linagwirako pang'ono, lakumanzere linkazungulira ngati sindinakoke chilichonse.

Kumanzere dilamu inatuluka ndi mabawuti aja. M'kati munali dothi lofiira louma, lomatirira pansi pa mbale, lochita kugamphuka ndi sikuludiraiva. Adjuster inali chinthu chimodzi, nyenyezi ndi ulusi wake zitagwirana, mano ake atadzaza dothi moti sindikanadziwa kuti ndi mano. Kachitsulo koikankha kaja kanali katakhula dzino limodzi mpaka kulisalaza, pamenepo pokha ndi pamene pankawala. Shoe yakutsogolo yatsala ngati 1.5 mm kumapeto kwina, yakumbuyo ikadali yonenepa. Silinda zonse n'zouma. Pa manati a pakati pa mipando ndapeza kuti mwini wake wakale anamanga kale mpaka ulusi unatsala pang'ono kutha, ndiye mnyamata wa potsukira uja sakanapeza n'pomanga pomwe.

Koma pali china. Kebulo ya kumanzere, pamene imalowa m'mbale, kalabala kake kanang'ambika ndipo waya wake ndi wofiira ndi dzimbiri. Mlamu akakoka m'kati, ya kumanja imayenda bwino, ya kumanzere imayenda monyinyirika ndipo sibwerera yokha. Ndithiremo oyilo?

A Mbewe (makaniko, Garden):
Mwagwira ntchito yabwino a Gift, ndipo mwafotokoza ngati munthu woona ndi maso ake. Kebuloyo isinthidwe. Oyilo imathandiza sabata ziwiri zitatu, kenako imakoka fumbi n'kukhala phala. Ndipo waya ukachita dzimbiri m'kati, timawaya take tating'ono timaduka kamodzikamodzi n'kumakola m'chikhokho. Tsiku lina idzagwira osabwerera, kapena idzaduka mutakoka.

Kebulo ziwirizo zimakumana pa kachitsulo kopingasa pansi pa galimoto, kamene kamagawa mphamvu mofanana. Imodzi ikauma kachitsuloko kamapendekeka, mphamvu n'kumapita mbali imodzi. Mukamaliza mukaone kuti kaima mowongoka handibuleki itakokedwa.

Pogula, chotsani yakaleyo mupite nayo m'manja ku Panganani Road kapena kulikonse mumagula, pamodzi ndi nambala ya chassis. Ya kumanzere ndi ya kumanja sizifanana, ndipo ya 100 ndi ya 110 anthu amazisokoneza. Ziyalani pansi zonse ziwiri, muyerekeze kutalika kwa chikhokho, kutalika kwa waya, ndi malo a timabulaketi. Mukagula yochotsa ku galimoto ina, ikokeni ndi manja pomwepo, iziyenda mosalala, malabala onse akhale athunthu. Adjuster ya dzino losalalayo mugulenso ina, si yodula. Poika kebulo, idutse momwe inadutsa yakale, isayandikire ekizozi.

Mabvuto Taxi:
Ya kebulo yowumayo ndikuvomereza, nati singathandize. Koma galimoto ikakhala kuti kumbuyo zonse zili bwino, kumanga nati si tchimo.

A Mbewe (makaniko, Garden):
Si tchimo ndithu, natiyo anaiikira zomwezo. Funso n'lakuti mwadziwa bwanji kuti kumbuyo kuli bwino musanatsegule. Rimu ija munaiyesa?

Mabvuto Taxi:
Yakumanja ikumafunda kuposa inzake. Ndiitsegula Lamlungu, masiku enawa galimoto ikaima ndiye kuti kunyumba sikudyedwa.

Gift wa ku Chelstone:
Ndamaliza dzulo madzulo. Ma shoe anayi atsopano, kebulo ya kumanzere, adjuster imodzi, inayo ndangotsuka. Madilamu ndinapita nawo koyezetsa, onse ali m'malire, ndangochotsa mlomo. Nditabwezera ndinadabwa kuti ndisanamange n'komwe nati ya m'kati, handibuleki inali itatsika kale kufika pa mano 8. Ndamanga pang'ono, tsopano ili pa 6. Pedulo yakwera, ikugwira pa kuponda koyamba. Pageti yaima nji, ndipo nditayesa kunyamuka mu giya 1 handibuleki ili m'mwamba, kumbuyo kunakhala pansi injini n'kufuna kuzima. Sabata yamawa ndipita kukayezetsa fitness ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, ku Mimosa.

A Mbewe (makaniko, Garden):
Zili bwino. Ma shoe atsopano amatenga masiku kuti agone mofanana ndi dilamu, ndiye musadabwe mano akawonjezeka limodzi kapena awiri. Yendani nayo m'tauni sabata ino, muziikoka handibuleki paliponse mwaima, kenako muwerengenso musanapite ku fitness. Manati a matayala muwabwerezenso.

Paulendo wa ku Katete, mapiri a ku Manenekela musanafike pa Luangwa Bridge mutsike ndi giya 3 kapena 2, injini izikugwirirani. Handibuleki imagwira matayala awiri akumbuyo okha, si yotsikira phiri. Buleki ya kuphazi itati yakanika muli paliwiro, tsitsani magiya kaye, kenako muzikoka handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani, kuti matayala akangofuna kukwekwereza mubweze msanga. Mukaikoka kamodzi mwamphamvu kumbuyo kumatembenuka. Mukaima pamtsetse, giya 1 ngati mwaloza kumtunda, rivesi ngati mwaloza kumunsi, ndipo matayala akutsogolo muwakhotetsere kumbali kwa msewu.

Esnart wa ku Kanyama:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Langa ndi losiyana. Nthawi ya mvula kuno timayenda m'madzi ofika pakati pa tayala. Ndikafika kunyumba n'kukoka handibuleki, m'mawa galimoto imakana kunyamuka, kenako imalira kuti phwa kumbuyo n'kuyenda. Nayonso ndi kebulo?

A Mbewe (makaniko, Garden):
Ngati chokokera chikutsika bwino ndipo ikalira kamodziko imayenda momasuka, si kebulo achemwali. Ndi ma shoe onyowa amene amamatirira ku dilamu ndi dzimbiri la usiku umodzi. Mukatuluka m'madzi, yendani kamtunda pang'ono phazi lili pa buleki mopepuka kuti m'dilamu muume. Ngati pakhomo panu m'pathyathyathya, usiku umenewo isiyeni mu giya ndi thabwa kutayala, handibuleki pansi. Chimodzimodzi galimoto ikakhala yoti iima mwezi wathunthu. Kulira kwa phwa kukachuluka lining imatha kumatuka n'kukola tayala muli pamsewu, ndiye mvula ikatha mu April tsegulani madilamu, muchotse matope ndi kupaka adjuster girisi.

Esnart wa ku Kanyama:
Ndi Vitz ya 2003, a Mbewe. Mabawuti otulutsira dilamu ndi omwewo a M8?

A Mbewe (makaniko, Garden):
Omwewo. Thirani kaye timafuta tomasulira dzimbiri m'timabowomo ndi pozungulira hub usiku wake, chifukwa galimoto yoyenda m'madzi ulusi wa timabowo timeneti umakhala wodyeka, ndipo mukaupweteka mutsala ndi hamala yokha.